Bat yopalidwa mkati ikavulaza munthu, woyimbira ali ndi mlandu?

Anzanga odziwa za softball ya m'maligi a ku America, ndithandizeni. Masewero asanayambe, woyimbira amaona ngati bat (ndodo yomenyera mpira) ili ndi chidindo cha bungwe loyang'anira softball la USA Softball (kale linkatchedwa ASA), ilibe ming'alu, ndiponso ngati siili pa mndandanda wa zoletsedwa. Vuto ndi bat ya composite (yopangidwa ndi zipangizo zosakaniza, yamphako mkati) imene munthu waichotsa chotsekera chakumapeto, waipala mkati kuti khoma lipyapyale, n'kumatanso bwinobwino. Kunja simungaidziwe. Koma mpira umachoka mwaliwiro lopitirira malire ololedwa a mamailosi 98 pa ola, pomwe woponya mpira mu slow pitch (softball yoponya mpira pang'onopang'ono) waima mafiti 50 okha kuchokera kwa womenya. Popanda makina oyezera compression (kulimba kwa khoma la bat), maso okha sangaigwire.

Tsono woponya akavulala kumaso, mlandu ndi wa mwini bat, wa ligi, kapena woyimbira amene anaivomereza?

Chikundidetsa nkhawa n'chakuti lamulo la Volunteer Protection Act la 1997 limateteza ongodzipereka, osati wolandira ndalama zoposa $500 pachaka, ndipo woyimbira wolipidwa pa gemu iliyonse sachedwa kudutsa pamenepo. Kodi inshuwalansi ya NASO (bungwe la oyimbira masewero ku America) imakwanira pa mlandu wotere? Nanga kulemba maina a mabat onse oyang'anidwa, makaputeni n'kusaina, kumathandiza kukhoti?