Kalavati ya pamphambano: wojambula ndi womanga akhale mmodzi?

Wapampando: Mwaswera bwanji nonse. Zopereka za pamphambano paja msewu wathu wafumbi umakumana ndi tala wopita ku Chitakale zakwana zoti n'kuyambira. Koma komiti yagawanika. Ena akuti injiniya ajambule kaye pulani, kenako makontilakitala apikisane pa mtengo. Ena akuti tipatse kontilakitala mmodzi, ajambule yekha n'kumanga yekha. Tithandizeni maganizo mvula isanatipeze.

Mai a Chikondi: Ine za mapulani ayi, changa n'kugulitsa nanazi pamenepo. Madzi akatsika kuphiri amadutsa pamwamba pa msewu, timachita kunyamula mabeseni kuthawira pakhonde la golosale. Minibasi imaimanso pakona penipeni, wakabaza wochokera kumtunda saona kuti kukubwera lole ya tiyi. Tsiku lina tidzalira maliro.

Bambo a Tadala (ku Joni): Mmodzi basi! Mwaiwala kale kalavati ya kumunsi kwa tchalitchi? Namondwe wa Freddy ataikokolola mu Malichi 2023 tinawaitana onse awiri. Wojambula akuti womanga anachepetsa simenti, womanga akuti ine ndinatsata pepala, paipi ya 600mm analemba ndi iyeyo. Tinaswera pansi pa mtengo wa mango mpaka dzuwa kulowa, palibe anabweza ngakhale tambala. Ine ndikufuna munthu mmodzi woti zikavuta tikamugwire pakhosi.

Injiniya wathu (Lilongwe): Achimwene, zimene mukunenazo kuntchito timati design-build, ndipo ubwino wake mwaugunda pamutu: wolakwa sasowa. Ubwino wina ndi liwiro, chifukwa amayamba kukumba mbali ina pulani ya mbali inayo isanathe. Ku America, msewu wa I-15 mumzinda wa Salt Lake City anaumanganso motero pamodzi ndi mphambano zake zodutsana pamwamba, kuyambira 1997 mpaka 2001, kuti masewero a Olympics a 2002 aupeze utatha.

Aphunzitsi opuma: Mwanawe, ife tikukamba kalavati, iwe watikweza ndege. Kenako uzati timange mphambano yodutsana pamwamba ngati ya ku Area 18 ku Lilongwe ija.

Injiniya wathu (Lilongwe): Pepani aphunzitsi, ndatsika. Koma nzeru yake ndi imodzimodzi, kaya ndi Area 18 kaya ndi pakwathu. Eni ntchito zikuluzikuluzo samangouza kontilakitala kuti "timangire". Amalemba kaye zimene akufuna, ndipo amakhala ndi mainjiniya awo oyang'anira. Ife tikangoti "timangireni kalavati" mtengo titagwirizana kale, thumba lililonse la simenti limene wapulumutsa ndi phindu lake. Adzajambula yokwana thumba lake, osati yokwana madzi athu. Adzaipaka laimu mbee, ife n'kuombera m'manja.

Aphunzitsi opuma: Chikomekome cha mkuyu. Ndiye ine ndili kwa wojambula payekha. Pasukulu wolemba mayeso sadzichongera.

Msungichuma: Aphunzitsi, ndalama zake zili kuti? Wojambula tilipire, tidikire pulani, tiitanitse mitengo, tidikirenso. Kwacha itagwa ndi 44% mu Novembala 2023, ndalama yomwe tinasungira malata a sukulu yamkaka inasungunuka ili m'buku langa lomweli. Mwezi uliwonse tikuchedwawu simenti ikukwera. Wojambula akadzalakwitsa muyeso, womanga adzabwera ndi kalata yoti tiwonjezere ndalama, ndipo adzakhala akunena zoona.

Bambo a Tadala (ku Joni): Mwamvatu. Ma randi athu sititola pansi kuno.

Injiniya wathu (Lilongwe): Mmodziyo ndikuvomera, koma pepala la zofuna zathu tilembe ife, iye asatilembere. Mukhale zakuti madzi ofika pomwe anafika nthawi ya Freddy adutse pansi, ngalande ikhale yamiyala mpaka kukhwawa, minibasi ipeze popatukira kutali ndi kona. Akhale wolembetsedwa ku bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga, satifiketi tiione ndi maso. Gawo lina la ndalama tisunge mpaka dzinja lonse lidutse. Timuuziretunso kuti akakumba n'kupeza thanthwe, ndi lake, chifukwa kwathu kuja miyala sisowa. Dziwani kuti pa chimenechi adzakweza mtengo pang'ono.

Wapampando: Nanga woyang'anira? Inu muli ku Lilongwe.

Injiniya wathu (Lilongwe): Pulani yake ndidzaiona kwaulere. Tsiku lothira konkire ndidzabwera, mungondipatsa ya mafuta. China, bwana wapampando: m'mbali mwa tala ndi malo a Roads Authority. Tisakumbe tisanawalembere kalata, ndipo kukhonsolo ndi kwa amfumu adziwe.

Aphunzitsi opuma: Ine sindinakhutire, koma pepalalo mundionetse lisanapite. Mlembi amaiwala mipatuliro polemba.

Mlembi: Ndamva aphunzitsi 😂 Koma pomwe madzi anafikapo tidziwa bwanji? Papita nthawitu.

Mai a Chikondi: Mzere wa matope ulipobe pakhoma la golosale, mwini wake sanapakeponso penti. Ine umandifika m'chiuno. Mawa ndikajambula ndi foni ya Chikondi, ndikaimirira pambali pake kuti muone.

Injiniya wathu (Lilongwe): Mukatenge tepi kwa atelala, achemwali. Ziuno zimasiyana.