Ana achuluka koma ndalama za SIG sizikusuntha, komiti iyambire pati?

Mlembi_wa_Komiti

Moni nonse. Funso langa likukhudza sukulu ya pulayimale ya boma ya m'mphepete mwa mzinda wa Zomba, kudera komwe anthu agula mapuloti ambiri n'kumanga nyumba za lendi. Potsegulira teremu yoyamba mu Seputembala ana olembetsa afika 2,300, pomwe chaka chatha anali 1,900. Zipinda zophunziriramo zilipo 14, aphunzitsi 41. Sitandade 1 yokha ili ndi ana opitirira 400, ena akukhala pansi pa mtengo wa mango ndipo mvula ili pafupi. Ndalama za SIG (thandizo la boma lotukulira sukulu) zomwe zalowa sizikusiyana ndi za chaka chatha. Kodi amawerengera bwanji? Tingamangire buloko la makalasi ndalama zimenezi? Nanga dandaulo lathu lipite kukhonsolo ya mzinda kapena ya boma?

Mphunzitsi_Wopuma

Alembi, ndalama zimene mwalandirazo si za ana amene ali pabwalo lero. Chaka ndi chaka ahedi amadzaza fomu ya kalembera wa sukulu, ija ya EMIS, n'kuipereka kwa a PEA (mlangizi wa masukulu a pulayimale a m'zoni) ku TDC (likulu la zoniyo), kuchoka uko imapita kuofesi ya maphunziro. Bajeti imakonzedwa poyang'ana manambala amene analowa kale m'kompyuta. Onjezanipo kuti kuyambira 2022 chaka cha boma cha ndalama chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, pamene chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala. Ana 400 owonjezerawo abwera bajeti itadutsa kale ku nyumba ya malamulo. Adzaoneka m'ndalama mtsogolomu, ndipo adzaoneka pokhapokha ngati alembedwa bwino.

Choncho ntchito yoyamba si kulemba kalata yodandaula, ndi kukonza kaundula. Tengani buku lolembera ana atsopano ndi marejista a makalasi onse, musankhe tsiku la pakati pa sabata, Lachiwiri kapena Lachitatu, muwerenge ana mutu ndi mutu, anyamata paokha atsikana paokha. Lachisanu komanso tsiku la msika musawerenge, manambala amanama. Mukatero mupeza zinthu zitatu. Pali ana olembedwa kawiri chifukwa anasinthidwa kuchoka ku 1A kupita ku 1C dzina osafufutidwa. Pali ana amene anasamuka ndi makolo awo lendi itawavuta, koma dzina likadali m'rejista. Ndiye pali amene amabwera tsiku lililonse koma sali m'buku lililonse chifukwa anafika opanda kalata ya tilansifa. Gulu lomalizali ndi limene limapweteka sukulu za m'mphepete mwa tawuni, popeza mabanja a lendi amasamuka pakati pa teremu. Mwana wotere amagwiritsa ntchito choko, buku ndi chimbudzi, koma boma silimudziwa.

Muonenso zaka za ana a Sitandade 1. Msinkhu woyambira ndi zaka 6. Makolo amene amapita ku geni m'mawa amakonda kukankhira kusukulu ana a zaka 4 kapena 5 chifukwa mkombaphala ndi wolipira, makamaka ngati pasukulupo pamaphikidwa phala. Anawo sakhoza, amabwereza, chaka chamawa akumana ndi atsopano m'kalasi lomwelo. Walira mvula walira matope, phala limakopa ana, koma komiti iziona buku la kusikelo polembetsa.

Vutoli silachilendo. Maphunziro a ulere atayamba mu 1994, ana a pulayimale m'dziko muno anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni n'kufika cha m'ma 3 miliyoni chaka chimodzi, ndipo zipinda sizinawapezebe mpaka lero.

Msungichuma_Matawale

Pa funso lachiwiri, ayi, SIG singamange buloko ndipo musayese. Makomiti amene amayesa amathera pa maziko ndi khoma lofika m'mawindo, mvula n'kuligwetsa, choko ndi mapepala a mayeso palibe chaka chonse. Ndalamazi zinapangidwira zinthu zing'onozing'ono zimene zili mu SIP, pulani ija imene aphunzitsi, komiti ya sukulu, PTA (komiti ya makolo ndi aphunzitsi), amayi a Mother Group ndi mafumu amakonzera limodzi. Zimagawidwa m'magawo atatu: za ubwino wa maphunziro, zothandiza kuti ana onse afike ndi kukhala pasukulu, ndi za kayendetsedwe ka sukulu, lomwe ndi gawo laling'ono pa onse. Chinthu chimene sichinalembedwe mu SIP n'chovuta kuchiteteza owerengera ndalama akabwera. Ngati zinthu zasintha monga zachitikira kwanuko, itanitsani msonkhano, musinthe pulaniyo, mulembe maminitsi, a PEA asaine, kenako mugule.

Chimene chimachedwetsa ndalama zotsatira nthawi zambiri ndi malisiti. Pa chilichonse chogula tengani makotesheni atatu ochokera kumashopu osiyana, lisiti likhale ndi dzina la shopu, deti ndi chidindo, katundu akafika alowe m'buku la sitoko ndipo amene walandira asaine. Kapepala kong'ambidwa m'kope kolembedwa kuti "misomali" sikawerengedwa. Mmisiri wokonza madesiki asaine pa vocha, nambala ya chiphaso chake cha unzika ilembedwe. Akaunti ya kubanki nayo muziiyang'ana. Komiti ikasintha osainira atsopano osakalembetsa kubanki, ndalama zimalowa koma n'kukhala miyezi osatapika.

Ndipo mugule msanga. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye kotesheni ya simenti kapena malata siikhalitsa. Pulani yolembedwa ndi mitengo ya miyezi isanu ndi umodzi yapitayo imakupusitsani.

Ndi ana ochuluka chonchi ine ndingaike patsogolo zimbudzi, makamaka za atsikana, ndi kukonza zomwe zilipo. Desiki lothyoka mwendo limafuna bawuti ndi thabwa limodzi, latsopano limadya ndalama za madesiki okonza angapo. Pogula matabwa onetsetsani kuti ndi ouma. Paini wamuwisi amapindika, misomali n'kuzuka teremu isanathe, ndipo wosapakidwa mankhwala chiswe sichimusiya. Bolodi losuluka lingopakidwa penti ya bolodi, mwana wakumbuyo kwa kalasi la anthu 150 aziona zolembedwa. Musaiwale bilu ya madzi ndi malipiro a mlonda. Sukulu ya kumudzi imadalira mjigo, koma ya m'tawuni ili ndi mita ya Southern Region Water Board, ndipo mpopi umodzi wodontha usiku wonse umameza ndalama za choko. Ikani loko pa mpopi ana akaweruka.

Wachitukuko_Chinamwali

Funso la khonsolo lija ndi lofunika kuposa mmene likuonekera. Zomba ili ndi maofesi awiri a maphunziro, Zomba Urban ndi Zomba Rural, komanso makhonsolo awiri, ya mzinda ndi ya boma. Sukulu za m'malire zimasokoneza chifukwa ana amachokera mbali zonse, koma sukuluyo ili m'zoni imodzi basi. Funsani a PEA kuti zoni yanu ili pansi pa ofesi iti, kalata izipita kumeneko. Mukalemba kolakwika palibe amene adzakuyankheni, ndipo sadzakuuzaninso kuti mwasochera. Ofesi ya South East Education Division, ngakhale ili mu Zomba momwemo, kwenikweni imayang'anira masekondale, choncho musataye nthawi kumeneko.

Ndalama za buloko zimachokera ku CDF (thumba la chitukuko cha m'dera la phungu) kapena ku thumba la chitukuko la khonsolo, apo ayi kwa mabungwe ndi mipingo. Ngati muli mbali ya boma, pempho limayambira ku VDC (komiti ya chitukuko ya m'mudzi), kupita ku ADC (komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu), kenako kukhonsolo. Mumzinda limadzera kukomiti ya chitukuko ya wadi ndi kwa akhansala. Aphungu apatsidwe kope, koma musangodalira lonjezo la pamsonkhano, chitukukocho chilowe m'pulani yolembedwa ya khonsolo. Kalatayo ikhale ya tsamba limodzi, manambala a kalasi lililonse, chithunzi cha ana ali pansi pa mtengo, chidindo cha ahedi ndi cha amfumu.

Pa zomwe makolo angasonkhe, kale ankaumba njerwa n'kuwotcha uvuni. Kuyambira 2018 malamulo a zomangamanga saloleza njerwa zowotcha pa nyumba za boma, pamafunika mabuloko a simenti kapena njerwa zotsindira pa makina. Musavutitse anthu kuumba njerwa 50,000 zoti injiniya wa khonsolo adzazikana. Mchenga, miyala, madzi ndi kukumba maziko ndi zimene mungalembe ngati gawo lanu. Komanso anthu a m'tawuni ambiri ndi a ganyu ndi a geni, tsiku la chitukuko sabwera ngati akumudzi, amasankha kupereka kandalama. Zosonkhazo zigwirizanidwe pamsonkhano wa makolo, lisiti liperekedwe, ndipo mwana asabwezedwe pakhomo chifukwa kholo silinapereke.

Chinanso, malo a sukulu ali ndi mapepala? Kumadera a mapuloti bwalo la mpira limadyedwa pang'onopang'ono, wina chimbudzi, wina mpanda. Wopereka thandizo akabwera amafunsa pomanga. Itanani a khonsolo ndi amfumu ayike zizindikiro za malire, mubzale mitengo m'mbali.

PEA_Wakale

Ndikugwirizana ndi anzanga, koma buloko silibwera mvula isanagwe, ndiye tiyeni tione manambala anuwo. Ana 2,300 kwa aphunzitsi 41 ndi ana 56 pa mphunzitsi, pamene mlingo wa boma ndi 60. Papepala sukulu yanu ilibe vuto la aphunzitsi, ndipo mukapempha ena adzakuuzani kuti kumidzi ya kufupi ndi nyanja ya Chilwa ndiye kukusowa. Koma ana 2,300 m'zipinda 14 ndi 164 pa chipinda. Kuti mufike pa 60 mufunika zipinda 39. Zotsatira zake aphunzitsi atatu amagawana kalasi limodzi, mmodzi ali pa bolodi, awiri akuchonga makope pakhonde.

Chimene chingatheke teremu ino ndi mashifiti. Zipinda 14 zikagwira ntchito kawiri zimakhala ngati 28, ana n'kutsika kufika pafupifupi 82 pa kalasi. Ana a Sitandade 1 ndi 2 amaweruka msanga, ndiye alowe m'mawa, akatuluka alowe a makalasi apakati amene anayambira panja kapena amene abwera mochedwerapo. Sitandade 8 isiyidwe ndi zipinda zake tsiku lonse chifukwa cha mayeso a MANEB. Izi zimafuna chilolezo cha ofesi ya maphunziro kudzera kwa a PEA, ndipo makolo afotokozeredwe, makamaka za atsikana oweruka madzulo ndi za ana owoloka mitsinje monga Likangala nthawi ya dzinja.

Muonenso mmene ahedi agawira aphunzitsi. Sukulu zambiri zimaunjika aphunzitsi asanu kapena asanu ndi mmodzi ku Sitandade 8 komwe kuli ana ochepa, chifukwa mbiri ya sukulu imamveka ndi osankhidwa kupita kusekondale, n'kusiya awiri ndi khamu la Sitandade 1. Mwana amene sanadziwe kuwerenga m'makalasi awiri oyambawo ndi amene amabwereza n'kudzadzitsa chipinda chaka chamawa. Komiti siisankha mphunzitsi wa kalasi, koma ili ndi ufulu wofunsa.

Mlembi_wa_Komiti

Zikomo kwambiri akuluakulu. Nanga tikawerenga n'kupeza kuti ana enieni ndi ochepera 2,300, sitidzichepetsera tokha ndalama?

Mphunzitsi_Wopuma

Lembani nambala yeniyeni, alembi. A PEA akabwera kudzayendera amawerenga ana m'kalasi n'kufananiza ndi rejista, ndipo akapeza kusiyana kwakukulu amayamba kukayikira zonse zochokera pasukulupo, ngakhale malisiti abwinobwino. Komanso pochotsa mayina a amene anasamuka mulowetsa aja opanda tilansifa, ndipo m'madera a lendi magulu awiriwa sasiyana kwambiri. Kwa opanda kalatawo, ahedi alembere kusukulu komwe anachokera kapena ayimbire foni mnzawo, mwanayo alowe m'buku fomu ya kalembera isanabwere.