Firefox ikukana kuwerenga userChrome.css pa malaputopu a mu labu

Chikondi_Labu: Akuluakulu, ndithandizeni msanga chifukwa ophunzira ayamba kulowa mu labu Lolemba ndipo mutu wandiima. Tili ndi malaputopu akale a sikirini ya 1366x768, ndipo pa Firefox ma tab ndi toolbar zikudya malo ambiri moti tsamba lenileni likungotsala kachidutswa. Ndalemba userChrome.css (fayilo yosinthira maonekedwe a Firefox) yochepetsa kutalika kwa ma tab, yobisa mabatani osafunika komanso yotsitsa ma tab kuti akhale pansi pa address bar monga momwe aphunzitsi akufunira. Pa laputopu yanga zinthu zikuoneka, koma ndikakopera foda ya chrome (foda ya Firefox momwe fayiloyi imakhala, osati browser ya Chrome) pa makina a mu labu sipakusintha kalikonse, ngakhale nditseke browser ndi kuitsegulanso. Makina onse ali ndi Windows 10 ndi Firefox yomwe ndangotsitsa kumene. Chonde musandiuze zosamukira ku Chrome, nkhani imeneyo tinamaliza kale ndi a hedi.

Kachingwe_IT: Achimwene, kuyambira pa Firefox 69 yomwe inatuluka mu Seputembala 2019, browser siiyang'ananso fayilo imeneyo pokhapokha mutailamula. Lowani pa about:config (tsamba la zosankha zobisika lomwe mumalemba pa address bar), fufuzani toolkit.legacyUserProfileCustomizations.stylesheets, muiike pa true, kenako mutseke Firefox yonse ndi kuitsegulanso. Pa laputopu yanu zikutheka chifukwa mwina munasintha kale, kapena profile yanu (foda yomwe Firefox imasungamo zosankha zanu) ndi yakale, pakuti omwe anali ndi fayiloyo kusinthaku kusanafike anaikiridwa true popanda iwo kudziwa. Popeza makina ndi ambiri, musavutike kuyenda pa laputopu iliyonse. Lembani mzerewo mu user.js, fayilo ya zosankha yomwe imaikidwa mu profile, ndipo muukopere pamodzi ndi foda ya chrome.

Gondwe_Mzuzu: Ine ndikuti siyani zimenezi. Fayilo imeneyo eni pulogalamu salonjeza kuti izigwira ntchito, ndipo Firefox wamba imatulutsa mtundu watsopano milungu inayi iliyonse. Lero mukonza, mwezi wamawa dzina la kachigawo kamodzi lisintha, ndipo labu yonse idzadzuka ma tab ali pomwe simunawaike. Ikani ESR (mtundu wa Firefox wothandizidwa kwa nthawi yaitali), mukonze zomwe menyu ya Customize Toolbar ikulola, mutseke zotsalazo ndi policies.json, fayilo yoikira Firefox malamulo. Ndinaziona mu 2017 pamene Firefox 57 inafika: pa kafe yomwe ndinkasamalira tinkadalira Classic Theme Restorer, add-on yobwezeretsa maonekedwe akale yomwe inasiya kugwira ntchito pa mtundu umenewo, ndipo m'mawa umodzi makasitomala anapeza browser yachilendo, ena n'kumati takhazikitsa pulogalamu yowabera mapasiwedi.

Mayi_Nyirenda: A Chikondi, musanapite kutali tsimikizani kuti foda mwaiika pamalo oyenera. Tsegulani about:support, pa Profile Folder dinani batani lotsegula fodayo, ndipo chrome ikhale mkati mwa imeneyo osati kwina. Pa Windows profile imakhala ndi malo awiri, ena pansi pa AppData\Roaming ndi ena pansi pa AppData\Local, ndipo a Local ndi a cache chabe, mukaika kumeneko Firefox siiona. Kuonjezera apo, makina ambiri amakhala ndi mafoda awiri, ina yothera ndi default ndi ina yothera ndi default-release, ndipo kawirikawiri yomwe ikugwira ntchito ndi yachiwiriyo. Onaninso kuti Windows ikuonetsa mathero a mayina a mafayilo. Mnyamata wina yemwe ankaphunzira ntchito kwa ine anataya tsiku lonse akulimbana ndi fayilo yomwe dzina lake lenileni linali userChrome.css.txt, chifukwa anaisunga ndi Notepad.

Chikondi_Labu: Zikomo a Kachingwe ndi mayi Nyirenda. Ndaika true ndipo tsopano ma tab afupika, mabatani abisika, koma ma tab akukanabe kutsika pansi pa address bar. Ndayang'ananso pa laputopu yanga ndapeza kuti ili ndi Firefox yakale chifukwa update inatsekedwa pofuna kusunga bandulo. Mzere womwe ndikugwiritsa ntchito ndi wa -moz-box-ordinal-group pa #TabsToolbar.

Kachingwe_IT: Vuto ndi lomwelo. Mzere umenewo unasiya kugwira ntchito pa Firefox 113 mu Meyi 2023, pamene maonekedwe a browser anasamutsidwa kuchoka pa kayalidwe kakale ka XUL kupita pa flexbox wamba. Tsopano mumalemba order, ndipo musaiwale !important. Koma chenjerani, chifukwa mabatani atatu otsekera, okulitsira ndi ochepetsera windo amakhala pa mzere womwewo wa ma tab, ndiye mukatsitsa mzerewo nawonso amatsika, ndipo mwana wofuna kutseka tab imodzi akhoza kutseka browser yonse ntchito yake ili pakati. Njira yosavuta ndi kuyatsa Title Bar pa Customize Toolbar kuti mabataniwo abwerere pamwamba, koma Title Bar imatenganso malo omwe mukufuna kupulumutsawo. Musakopere mizere ya pa intaneti osaona kuti inalembedwera mtundu uti. Yatsani devtools.chrome.enabled ndi devtools.debugger.remote-enabled pa makina amodzi, mutsegule Browser Toolbox (chida chofufuzira zigawo za browser) ndi Ctrl+Alt+Shift+I, muone nokha momwe zigawo zayalidwira pa mtundu womwe muli nawo. Mukamaliza muzimitsenso ziwirizo, makamaka pa makina omwe ana amagwira.

Gondwe_Mzuzu: Mwaona zomwe ndimanena? Labu isanatsegulidwe n'komwe, fayilo yathyoka kale kamodzi. ESR imasintha maonekedwe pafupifupi kamodzi pa chaka, pakati ponsepo imangolandira zokonza za chitetezo, choncho mumadziwiratu nthawi yoyesa zinthu. Ngati vuto ndi malo, ikani browser.compactmode.show pa true ndi browser.uidensity pa 1, ma tab afupika popanda CSS iliyonse.

Banda_Zomba: A Gondwe, compact yomwe mukuitamayo inabisidwa kuyambira pa Firefox 89 mu Juni 2021, ndipo mukaibwezeretsa, menyu imalemba poyera kuti siithandizidwa. Ndiye tonse tili m'bwato limodzi, musamaoneke ngati inu nokha ndinu oyenda m'njira yovomerezeka. Komabe pa za kutsitsa ma tab ndikugwirizana nanu pa chifukwa china: ana amenewa akadzapita ku koleji kapena ku ntchito adzapeza ma tab ali pamwamba pa ma browser ambiri, ndiye sindikuona phindu lowazoloweza zomwe sizipezeka kawirikawiri kwina. Muwafunse aphunzitsiwo ngati akufunadi zimenezo kapena akungokumbukira Firefox yomwe anaphunzirira iwo.

Mayi_Nyirenda: Palinso nkhani ya maakaunti yomwe palibe waitchula. Ngati wophunzira aliyense amalowa ndi akaunti yake ya Windows, Firefox imamupangira profile yatsopano yopanda foda ya chrome, ndipo policies.json payokha siikopera fayilo ya CSS, imangokhazikitsa zosankha. Mudzafunika script yokopera fodayo munthu akamalowa, ndipo dzina la foda ya profile limayamba ndi zilembo zosiyana pa makina alionse. Ngatinso muli ndi Deep Freeze, pulogalamu yobwezera kompyuta mwakale ikayatsidwanso, kumbukirani kuisungunula musanasinthe kanthu. Pa sukulu ina tinakonza makina onse madzulo, magetsi anathima usiku, ndipo m'mawa chilichonse chinali chitabwerera mwakale ngati sitinagwirepo.

Phiri_Netiweki: Wina asakunamizeni kuti muchepetse layout.css.devPixelsPerPx kuti zonse zikwane. Nambala imeneyo imachepetsa browser yonse pamodzi ndi masamba, ndipo mukalakwitsa polemba, mwachitsanzo kuika 0.09 m'malo mwa 0.9, zilembo zimachepa moti simungaonenso pokonzera, mpaka mutakasintha mu prefs.js (fayilo ya zosankha ya mu profile) browser ili yotseka. Nambala yake yoyambirira ndi -1.0, muilembe penapake. Komanso m'kalasi simulephera kukhala mwana wovutika kuona, yemwe amafuna zilembo zazikulu osati zazing'ono. Kwa ameneyo F11 (yodzazitsa sikirini yonse) ndi Ctrl pamodzi ndi chizindikiro chophatikizira (zokulitsira zilembo) zimathandiza kuposa zonse takambiranazi.

Banda_Zomba: Popeza mwatchula Windows 10, thandizo lake laulere la nthawi zonse linatha pa 14 Okutobala 2025. Kodi malaputopu amenewo angalandire Windows 11, kapena mukuganiza zowaika Linux Mint? Ndikufunsa chifukwa pa Linux malo a profile amasiyana malinga ndi momwe Firefox yaikidwira, ndipo yoikidwa kudzera pa snap (njira yoikira mapulogalamu) pa Ubuntu imasunga profile kwina, ndiye script yanuyo idzayenera kulembedwanso.

Gondwe_Mzuzu: Pa Linux pomwepo ESR ilipo, ndipo Debian imabwera nayo kale. A Chikondi, Lolemba mukatsegule labu ndi ESR ndi compact, za ma tab apansi muwauze aphunzitsi kuti mudzaziona pa holide.

Phiri_Netiweki: Mayi Nyirenda, script yomwe mwatchulayo mumaiika pa Group Policy (malamulo oyendetsera makina a Windows) kapena mu foda ya Startup? Kwathu kulibe domain (seva yoyendetsa maakaunti onse), makina onse ali pa workgroup, aliwonse ndi maakaunti ake, ndipo ndikufuna kudziwa ngati imayenda pa akaunti yopanda mphamvu za admin.