Gulu la banja: za mapasa a mng'ono wathu

Achemwali aakulu: Abale, tangotuluka ku sikani. Zomwe adokotala amakayikira zija n'zoona. Ana onse awiri ali pa nsengwa imodzi, ndiye mitsempha ina ikudutsitsa magazi kuchoka kwa mmodzi kupita kwa mnzake. Akuti vutoli limatchedwa TTTS.

Amalume: Ndiye ndalama za chipatala zija zikwane pofika Lachisanu. Amene sanapereke akudzidziwa.

Azakhali: Ine ndinanenatu kuti mwanayu azipuma. Mimba ya mapasa n'kumaima tsiku lonse kuntchito?

Achemwali aakulu: Azakhali chonde, mwini wake ali pagulu pano. Si ntchito yachititsa, ndipo si za kumtundu. Zimagwa pa mapasa ofanana amene agawana nsengwa, pa mimba 100 zotere 10 mpaka 15.

Msuweni: Nanga mapasa a amayi aang'ono aja bwanji anabadwa bwinobwino?

Achemwali aakulu: Aja safanana, aliyense anali ndi nsengwa yake.

Alamu: Ndifotokoze zomwe ndaona ndi maso anga. Wopereka magaziyo sakukodza mokwanira, madzi amuthera m'thumba mwake, chikhodzodzo chake sichikuoneka n'komwe. Winayo magazi amuchulukira, akukodza kwambiri, madzi adzaza, mtima wake ukulemedwa. N'chifukwa chake mimba yakula mwadzidzidzi chonchi, usiku akubanika. Pa magawo 5 a Quintero, amene madokotala amayezera kukula kwa vutoli, ife tili pa gawo 2.

Amalume: Mwamva? Gawo 2. Lachisanu abale.

Azakhali: Bwanji osangopopa madziwo? Ndamva n'zotsika mtengo.

Alamu: Tafunsa azakhali. Kupopa kumangomupepuza, mitsempha ija imakhala ilipobe, madzi amabwereranso. Akufuna kulowetsa kachubu kokhala ndi kamera, awotche mitsemphayo ndi kuwala kwamphamvu kotchedwa laser kuti aliyense akhale ndi magazi ake. Amachita pakati pa masabata 16 ndi 26. Ife tili pa 20, koma akuti tisadalire masabata otsalawo, zimatha kuipa m'masiku ochepa.

Msuweni: Ine ndatumiza theka, linalo mwezi ukatha.

Amalume: Mwezi ukatha ndi liti? Mawu amenewo tinawamvanso chaka chatha, sinditchula nkhani yake.

Msuweni: Amalume tisayambe. Za chaka chatha pali amene anagwira ndalama, si ine.

Amayi aang'ono: Mwadzuka bwanji nonse 🙏 Kodi ndi anyamata kapena atsikana?

Achemwali aakulu: Atsikana onse mayi. Ofanana sasiyana pamenepo.

Amayi aang'ono: Ndiye mmodzi atenge dzina langa!

Azakhali: Inu muli nawo kale awiri otchulidwa inu. Ena tikungowerenga a anzathu.

Amayi aang'ono: Aaa kodi ndalakwa?

Chitsiriza: 😂😂 ine ndigula timadiresi tofanana

Amalume: Madiresi musiye kaye, uvekanso ndani ngati sitisonkha? Amene sanapereke akudzidziwa. Achimwene anu aakulu akuwerenga, ndikuona mizere yabuluu kuyambira dzulo. Chete.

Achemwali aakulu: Ndawaimbira katatu, sakuyankha. Komanso muziwerengera kuti opaleshoni ikatha sikani ipitirira pafupipafupi mpaka kubadwa, ndipo ana otere nthawi zambiri amabadwa masiku asanakwane. Za ulendo ndi zogonera kuchipatala zisaiwalike.

Msuweni: Ndiye msonkho wachiwirinso?

Amalume: Woyamba womwe sunathe.

Azakhali: Zanga ndapereka kwa alamu pamanja m'mawa uno, wina asadzati sanazione.

Alamu: Zafika azakhali, zikomo. Atsala anthu anayi.

Amalume: Ndiwatchule?

Achemwali aakulu: Ayi amalume, ndiwaimbira ndekha usiku.

Mayi wa mapasa: Ndikuwerengatu zonsezi. Mwana wamng'onoyo wagunda kawiri m'mimbamu madzulo ano. Lolemba m'mawa akuti ndifike ndisanadye. Achemwali mubwere ndi pilo wamkulu uja, chagada sindikutha kugona.

Amalume: Mwamva Lolemba. Ndiye Lachisanu, osati Loweruka.