Gulu la anthu osiya mowa tingalipeze bwanji muno mu Zomba?

NaPhiri_Chinamwali: Abale, ndithandizeni nzeru. Achimwene anga akuti mowa atopa nawo. Amamwa kachasu tsiku lililonse, m'mawa akapanda kulawa manja amanjenjemera. Malangizo a ife apabanja anawakwana, akufuna kukhala ndi anzawo amene anadutsamo. Magulu oterewa amapezeka kuti? Nanga amalipiritsa?

MayiNesi: Achemwali, za gulu ziyambe zadikira. Kunjenjemera kwa m'mawako kukusonyeza kuti thupi linauzolowera mowa, ndiye asasiye mwadzidzidzi ali okha kunyumba. Mowa umafooketsa ubongo, ubongo nawo n'kuzolowera kugwira ntchito modzikakamiza. Mukauchotsa mowa kamodzin'kamodzi, ubongo umatsala ukuthamanga ngati minibasi yoduka mabuleki.

Pakadutsa maola 6 mpaka 24 chimwereni, pamabwera thukuta, nseru, kunjenjemera ndi kusowa tulo. M'masiku awiri oyamba ena amagwa ngati akhunyu. Choopsa kwambiri chimabwera pakati pa tsiku lachiwiri ndi lachinayi: kubwebweta, kutentha thupi, kuona tizilombo pakhoma pomwe palibe kanthu. Zimenezi zimapha, musathamangire kwa sing'anga, thamangirani kuchipatala.

Yambirani ku chipatala cha Matawale kapena cha Zomba Central, mufunse namwino woona za matenda a maganizo. Achimwene akanene zoona: mabotolo angati patsiku, amwa komaliza liti, anagwapo kale kapena ayi, akumwa ma ARV kapena mankhwala a TB. Kawirikawiri amapatsidwa mankhwala okhazika thupi pansi otchedwa diazepam kwa masiku ochepa, mlingo wake ukutsika pang'onopang'ono, pamodzi ndi thiamine, yemwe ndi vitamini B1. Diazepam wogula pamsika ayi. Akasakanikirana ndi mowa amatha kuimitsa kupuma.

Che_Jali: Amayi anena zoona. Tsono za gululo: simudzaona chikwangwani pamsewu, chifukwa magulu otere amasunga chinsinsi. Amapezeka pofunsa. Malo oyamba ndi ku Zomba Mental Hospital. Anthu amaopa dzinalo, koma ndi kumene kuli akatswiri oona odwala a mowa, ndipo kukafunsa sikugonekedwa. Funso likhale lolunjika: "Amene mwawatulutsa atasiya mowa amakumana kuti?" Funsaninso abusa, ansembe kapena shehe, poti zipinda zokumaniramo zambiri zimakhala zawo. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe ali ndi pologalamu yothandiza anthu a vuto la mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ngati pangafunike kukakhala konko kwa kanthawi.

Palinso Alcoholics Anonymous, AA, imene inayamba mu 1935 ku Akron, Ohio. Kuti munthu alowe chimafunika n'chimodzi basi, kufuna kusiya mowa. Salipiritsa, amangoyendetsa kambale, woponya aponye. Misonkhano yawo ya pa Zoom ili pa tsamba la Online Intergroup of Alcoholics Anonymous. Sankhani ya ku South Africa, nthawi yawo ndi yathu n'chimodzimodzi. Kamera azimitse kuti bandulo isathe msanga. Vuto lake yambiri ndi ya m'Chingerezi.

Gulu likayamba kutchula ndalama yolembetsera, kugulitsa mankhwala osanzitsa, kuletsa mankhwala akuchipatala, kapena kujambula anthu n'kuwaika pa Facebook, achokeko.

Mlamu_wa_Sadzi: Lapafupi likasowa, ayambitse. Mwambo wa AA umati anthu awiri kapena atatu okumana n'cholinga chosiya mowa ndi gulu kale. Chofunika ndi chipinda chotalikirana ndi shabini, tsiku losasinthasintha, ola limodzi. Nthawi yake isankhidwe yomwe khosi limayabwa: Lachisanu madzulo kapena Loweruka masana, makamaka kumapeto kwa mwezi.

Mkatimo aliyense amatchula dzina loyamba lokha, amalankhula mphindi zitatu kapena zisanu za iye mwini, ena ali chete, osamudula, osamulangiza. Zomveka m'chipinda zimatsala momwemo. Potuluka apatsane manambala, chifukwa chilakolako chimabwera usiku msonkhano kulibe, ndipo nthawi zambiri chimazilala munthu akaimbira mnzake n'kucheza kwa mphindi 20 kapena 30.

Chimene chimapha magulu kwathu kuno ndi ndalama. Likangosanduka banki nkhonde, wangongole amasiya kubwera. Ena amadza akuyembekezera alawansi, auzidwiretu tsiku loyamba kuti kulibe. China, wapampando asakhale mmodzi yemweyo mpaka kalekale, azisinthana, apo ayi tsiku lomwe iye waterereka gulu lonse limabalalika. Wobwera ataledzera asathamangitsidwe ngati sakusokoneza, akhale amvetsere, adzalankhula ulendo wina. Woyambiranso kumwa abwerere msanga, koma adzere kuchipatala, poti kusiya kwachiwiri ndi kwachitatu thupi limavutika kuposa koyamba.

NaPhiri_Chinamwali: Zikomo nonse. Ine ndingalowe nawo mumsonkhanomo?

Che_Jali: Zitengera mtundu wake, achemwali. Msonkhano wotseguka aliyense amalowa kukamvetsera, wotsekeka ndi wa okhawo amene ali ndi vutoli. Aperekezeni mpaka pakhomo, muwasiye, chifukwa mlongo ali pomwepo munthu saulula zonse. Achibale muli ndi gulu lanu, Al-Anon, nalonso limakumana pa Zoom.