Kodi Deuteronomo 7:5 akutilamula kuphwanya mafano a anthu ena?

Wofunsa:
Abale, ndakhala ndikuwerenga Deuteronomo 7:5, pomwe Mose akuuza Aisraele kuti akakalowa m'dziko la Kanani akagumule maguwa ansembe, akaphwanye miyala yopembedzerapo ndi kutentha mafano osema. Mnzanga wina akuti lamuloli likadali pa ife, moti Mkhristu akaona fano m'nyumba ya mnansi wake ayenera kuliphwanya. Mtima wanga ukukana, koma ndikusowa pogwira m'Malemba.

Mphunzitsi wopuma:
Mbale wanga, yambirani pa ndime yoyamba, pakuti lamulolo linaperekedwa kwa mtundu umodzi polowa m'dziko la mitundu isanu ndi iwiri yotchulidwa mayina, ndipo nkhawa yake, malinga ndi ndime 4, inali yakuti ana a Aisraele angapatutsidwe n'kuyamba kutumikira milungu ina. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti omvera lamuloli ankayambira pakhomo pawo. Gideoni anagwetsa guwa la Baala la atate ake omubereka, ndipo anachita usiku ndi antchito khumi poopa abale ake ndi anthu a m'mudzi (Oweruza 6:25-27). Hezekiya anaphwanya njoka yamkuwa imene Mose mwini wakeyo anapanga m'chipululu, chifukwa anthu anali atayamba kuifukizira zonunkhira (2 Mafumu 18:4). Chinthu chimene kale olumidwa ndi njoka ankachiyang'ana n'kuchira chinasanduka fano, ndipo mfumu sinachileke ati poti n'cha makolo.

Wowerenga Malemba:
Ndikuvomerezana nanu, bambo, ndipo ndiwonjezeko za Paulo. Ku Atene mtima wake unawawa poona mzinda wodzaza ndi mafano, koma sanatole nyundo. Anatenga mawu olembedwa pa guwa la mulungu wosadziwika n'kuyambirapo ulaliki (Machitidwe 17). Ku Efeso mabuku amatsenga, a mtengo wa ndalama zasiliva 50,000, anatenthedwa ndi eni ake atakhulupirira, osati ndi alaliki. Chipolowe chimene anayambitsa Demetriyo, wosula siliva wa mumzindawo, chitabuka, mlembi wa mzinda anachitira umboni kuti anzake a Paulo sanabe za m'kachisi kapena kuchitira mwano mulungu wamkazi wa Aefeso (Machitidwe 19:37).

Wofunsa:
Zikomo nonse. Nkhani ya njoka yamkuwa sindinkaidziwa, ndipo yandisowetsa mtendere kuposa funso limene ndinabwera nalo. Ndikamuwerengera mnzangayo Machitidwe 19 tikakumana.