Tabwerako ku K'gari, tasambira ndithu

Mwezi watha ndinafunsa ngati kuli malo oti ana n'kusambira pachilumba cha mchenga cha K'gari ku Queensland m'dziko la Australia, chija ankachitcha Fraser Island mpaka 2023, poti m'nyanja yamchere muli shaki komanso madzi amakoka. Tabwerako tsopano.

Amene munati tipite ku Lake McKenzie, zikomo kwambiri. Eni nthaka, a Butchulla, amaitcha Boorangoora. Madzi ake ndi amvula okhaokha, palibe mtsinje wothiramo. Masamba owola anagwirana ndi mchenga pansi pake, ndiye madzi sathawa, amangokhala ngati m'beseni. Mchenga wake uli mbee ngati ufa woyera. Wamng'ono wanga anaima madzi akulekeza m'chiuno, n'kumawerenga zala zake zakuphazi. Ine wokulira ku Mangochi mtima unayamba wakayika za likodzo, koma ku Australia kulibe.

Chakudya musatsike nacho kugombe, n'koletsedwa chifukwa cha agalu am'tchire aja amati dingo. Ife tinadyera mumpanda umene anamanga pafupi ndi poimika galimoto. Ana asatalikirane nanu.

Ku Lake Wabby ndiye kunatitopetsa. Mumayenda pamchenga wotentha, ndipo pobwerera mwana ndinachita kubereka. Madzi ake ndi obiriwira, akuya pafupifupi mamita 11, ndipo phiri la mchenga la Hammerstone likuikwirira pang'onopang'ono. Anyamata ena ankathamanga kuchokera pamwamba n'kudumphiramo. Anga ndinawakaniza, m'mbali ndi mosaya, anthu anavulalapo msana pamenepo.

Galimoto ikhale ya 4WD basi. Ife tinawolokera pa River Heads, doko limene mumakwererapo bwato lonyamula galimoto kupita pachilumbacho.